Handulo Imene Inakana Kuthyoka

Chaka chotsatira nditalemba mayeso a giredi 12 ndinapatsidwa udindo waukulu kwambiri m'Tembwe monse: wotunga madzi wa pakhomo pathu. Atate ndi aticha, anawatumiza kuno kuchokera ku tauni, ndipo amakhulupirira kuti mwana wodikira malo ku koleji alibe fupa limene lingaleme. Amayi msana unawathera kale pa zigubu. Ndiye m'mawa uliwonse ine, mtsikana wodziwa kulemba fomula ya madzi osaonera, ndinkakhala pa mzere wa pa mjigo ndi zigubu zinayi, kumbuyo kwa anthu mamiliyoni awiri.

Mjigo wathu unali ndi matenda amodzi. Handulo yake, chitsulo chachitali chija umachikweza ndi kuchitsitsa kuti madzi atuluke, inathyokapo kalekale pafupi ndi pamene imazungulira. Chithyokereni, inkangothyokera pomwepo. Ikathyoka ankaitumiza ku boma kwa wowotcherera, mudzi wonse masiku atatu kumtsinje, kenako ikubwera ndi chotupa chatsopano pamwamba pa chotupa chakale. Pofika chaka changa chija, pamalopo panali ngati bondo la njovu yodwala.

Komiti ya mjigo inakhala pansi n'kutulutsa nzeru zonse zimene inali nazo, ndipo zonse pamodzi zinakwana lamulo limodzi. Handulo ikathyokera m'manja mwako, wathyola ndiwe. Uinyamule wekha kupita nayo ku boma, ndipo nyumba yanu isatungenso pa mjigo mpaka tsiku limene idzathyokere munthu wina. Palibe ankadandaula kwambiri, chifukwa handuloyo sinkadutsa masabata asanu. Chilango chinkangoyendayenda nyumba ndi nyumba ngati chimfine. Wosunga lamuloli anali wapampando wa komitiyo, amama acheya, mayi wamtali amene akanong'ona ku Tembwe anthu a kutali ku Chifunda amayankha.

Kumtsinje muzikumva bwino. Chilimwe mulibe madzi oyenda, mumakumba mumchenga, n'kukhala pansi kudikira kuti timadzi tisonkhane, tamtundu wa tiyi wa pamaliro. Ola lathunthu kupita, kubwerako ndi chigubu pamutu zaka ziwiri. M'njira muli ndowe za njovu, zina zikufukabe nthunzi.

Tsiku langa linali Lachiwiri, mwezi wozizira. Ndikulumbira, ndinkapopa ndi zala ziwiri, mofatsa ngati ndikugwedeza khanda. Ndinangomva kuti thyo, ine pansi chagada, handulo pachifuwa, miyendo yaloza kumwamba. Mzere wonse unafuula ngati kwagoletsedwa chigoli.

"Mwana wa aticha wathyola!"

Amene anasangalala kwambiri anali amayi ena a nyumba imene inali pa chilango. Anavina. Munthu wamkulu, wa kwaya, kuvina chifukwa ine ndagwa.

Ndinadzuka, n'kuyang'ana pamene pathyokapo, ndipo ndinaona chimene aticha athu a sayansi anatiuzapo tsiku lina ife tikuwodzera. Pothyokapo panali mitundu iwiri. Mbali yaikulu inali yosalala, yakuda, yadzimbiri, yokhala ndi timizere tokhota ngati m'chigoba cha nkhono. Kambali kakang'ono kokha, kukula ngati chikhadabo, n'kamene kanali kowala, kokhakhala, katsopano.

"Amama acheya, taonani apa," ndinatero. "Ili ndi dzimbiri. Dzimbiri limalowa m'chitsulo pa nthawi imene munthu akugwa? Mng'alu uwu unayamba kalekale, wakhala ukukula pang'onopang'ono, aliyense akapopa umasuntha. Ine ndangothyola kachikhadabo aka. Kwinaku mwathyola ndi nonse. Chitsulo chimalema, amama."

"Chimatani?"

"Chimalema."

"Chalema chalima munda wa ndani?"

Anthu anagwa nazo. Agogo ena anazitembenuzira m'Chisenga, chilankhulo cha kuno, kuti akumbuyo nawo amve, ati chisulo chavuka, ndipo kuseka kunayambiranso pachiyambi. Wina ati tichiyalire mphasa chigone. Wina ati tichiphikire phala.

"Iwe mwana," amama acheya anatero atapukuta misozi, "sukulu wamaliza, tamva. Manje nyamula."

Mawa lake ndinali kumbuyo kwa njinga yamoto, zitsulo ziwiri pamwendo, msewu ukundichotsa mano limodzilimodzi mpaka ku boma. Wowotchererayo ali ndi kashedi ka malata kuseri kwa msika. Ndi bambo wamkulu, wamimba, ndipo powotcherera amavala magalasi akuda omwe aja anyamata amavala pa ukwati. Pambali panali madoda anayi, wina ndi njinga yothyoka foloko, wina ndi khasu, enawo ntchito yawo inali kukhalapo basi.

"Ya ku Tembwe," anatero amisiri osandifunsa n'komwe. "Kasitomala wanga wokhulupirika."

Anagundanitsa zidutswa ziwiri zija momwe zinalili, dzimbiri lake lomwelo, n'kuyamba kuthira moto pamwamba. Mphindi khumi sizinakwane. Chotupa chatsopano chinakhala pamwamba pa azigogo ake. Anachiviika mu dilamu ya madzi, tsiii, nthunzi mpaka ku Lundazi. Kenako anaika handulo pa malimu awiri a matayala a galimoto ngati mlatho, anakwerapo, n'kulumpha katatu, mimba ikubwera pambuyo.

"Waona? Ine ndimalemera ngati matumba awiri a mpunga. Ikapirira ine, yapirira dziko."

Ndikanangoti zikomo adada. Mawu awiri okha. Ndikanakhala munthu wina lero. Koma pakamwa panga sipadikira mutu.

"Ndiye n'chifukwa chake imabwera mwezi ndi mwezi? Imakusowani?"

Madoda aja anakhala tsonga. Amisiri anakweza magalasi pamphumi.

"Iwe mtsikana, taona bwinobwino. Pamene ndinawotcherera ine mwezi watha ndi apa. Pathyoka? Chotupa changa chili chonse. Chathyoka ndi chitsulo chanu, m'mbali. Changa sichithyoka."

Apo sananame. Nthawi zonse inkathyokera m'mphepete mwenimweni mwa chotupa, pamene moto wawo unalekezera. Ndinawagwira chala, inde ndinagwira chala cha munthu wamkulu, n'kuyendetsa chikhadabo chawo m'mphepetemo. Chinakodwa. Moto unali utadya chitsulo n'kusiya kangalande kuzungulira chotupa chonse.

"Mphamvu yonse ya munthu wopopa kumapeto uko imabwera kudzasonkhana pano," ndinatero, "chifukwa handulo ndi yaitali ndipo apa ndi pafupi ndi pozungulira. Ikafika ipeza inu mwaikumbira ngalande. Ndiye iyambire pati?"

Ndinatola kawaya pansi n'kuwapatsa. "Kokani, kaduleni." Anakoka mpaka misempha ya m'khosi inatuluka, kawaya kali phee. Ndinakalanda, n'kuyamba kukapinda uku ndi uku, pang'onopang'ono, ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa giredi 1. Ndisanafike makumi atatu kanaduka. Ndinatenga kena, ndinakaluma pang'ono ndi pulayala yawo, n'kupindanso. Kanadukira polumapo ndisanafike khumi.

"Ine ndi inu wamphamvu ndani, adada? Chitsulo sichiopa kulumphiridwa katatu. Chimaopa kubwerezedwa. Inu mwalumpha katatu, mjigo umapopedwa kuyambira nkhuku zisanatsike mpaka dzuwa kulowa. Kapena mubwere muzidzalumpha kumeneko tsiku lonse, mwina ndi mimba ingachepeko."

Wa khasu uja anaseka mpaka anatsamwa. Wa njinga ati, "Amisiri, lero mwapeza aprofesa." Wina ati, "Foloko yanga musailumphire, ndapota nanu."

Amisiri sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali kwambiri moti ndinayamba kuyeza mtunda wa kuchoka pamenepo kufika pa msewu. Kenako anavula magalasi a ukwati aja, analowa m'kashedi, n'kutuluka ndi chigoba chenicheni chowotcherera, chafumbi, chimene ndikuganiza anachivala komaliza ine ndisanabadwe.

"Khala apo," anatero. "Usakambe."

Anadula chotupa chonse, chatsopano ndi makolo ake, n'kuchiponya kutali. Nsonga ziwiri zija anazisongola ndi gilayinda mpaka zinawala, kuti moto ulowe mpaka m'kati osati pamwamba pokha. Anawotcherera mzere umodzi, n'kugogoda makoko, n'kupukuta, n'kuikanso wina. Kenako anadula tizitsulo tiwiri tatitali, tosongoka kumapeto ngati tsamba la chimanga, n'kutimata m'mbali kuti tithandize kunyamula. M'mphepete monse anasalaza mpaka chikhadabo chinkangotsetsereka. Ku dilamu ya madzi sanapiteko. Handuloyo anaikwirira mumchenga wouma kuti izizire yokha. Dzuwa linapendeka, wa khasu anapita kwawo ndi khasu lake lothyoka.

Itazizira anaipaka palafini, anapukuta, n'kuwaza ufa wa choko pamwamba.

"Pakakhala mng'alu olo waung'ono ngati tsitsi, palafini amabisala m'menemo, kenako amatuluka n'kudetsa choko. Ukuona mzere?"

"Awe."

"Izi anakuphunzitsani ku sukulu?"

"Awe."

"Anthu a kwanu amabwera njinga yamoto ikulira panja, ati fulumirani amisiri, kunyumba kulibe madzi. Ndiye ndimafulumira. Tenga, aprofesa. Ikathyokanso ubwere udzandiphunzitse kuvala thalauza."

Ndiye kuti munthuyo ankadziwa zonse. Zaka zonsezi. Ndinamunyoza kawiri, poyamba poganiza kuti sadziwa, kachiwiri chifukwa ankadziwa koma osachita.

Ndinabwerera ku Tembwe ngati nduna yobwera kudzatsegula mlatho. Handulo anaimanga, madzi anatuluka, anthu anaisisita n'kumati koma iyi ndiye ntchito. Kunyumba ndinafotokoza zonse, kawaya, pulayala, madoda kuseka, ndikuwonjezerako pang'ono kuti anthu anali makumi asanu. Atate ankagwedeza mutu monyadira. Amayi anasiya kusankha mpunga.

"Tabwereza. Wauza mmisiri kuti aikonze bwino?"

"Ee, amayi."

"Kuti isathyokenso?"

"Ee."

"Iwe. Amene uli pa chilango mpaka idzathyoke."

Atate anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi makope oti achonge.

"Ndinabereka chitsiru chophunzira," anatero amayi, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Ine sindinagonje. Chilichonse chowotcherera chili ndi tsiku lake, nkhani ndi kulipeza basi. Ndikabwera kumtsinje ndinkakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi mjigo, kope la masamu pamwendo, kuwerenga. Chigubu chimodzi chinkadzadza akapopa pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Zigubu pa tsiku zinkafika mazana awiri, kuphatikiza ndowa ndi mapoto. Ndinachulukitsa ndi masabata asanu amene chotupa chakale chinkakhala, ndipo ndinapeza kuti chinkafa chikapindidwa ka 400 sauzande kapena kuposerapo pang'ono. Anthu ankadutsa n'kumafunsa ngati boma landilemba ntchito yowerenga zigubu.

Manje funso linali la handulo yatsopano. Ndinati tizitsulo tam'mbali tija mwina tachepetsa mphamvu yofika pamalopo ndi theka. Theka la mphamvu, ndiye kuti masiku kuwirikiza kawiri, masabata khumi. Ndinauza amayi molimba mtima kuti pofika mwezi wa Ogasiti kumapeto tidzakhala titamasuka. Ndinalemba tsikulo pa khoma ndi khala.

Ndili m'njira ya kumtsinje tsiku lina, chigubu pamutu, mawu a aticha a sayansi anandibwerera, aja ndinawamva ndikuwodzera. Ati chitsulo sichiwerenga choncho. Ukachepetsa mphamvu ndi theka, moyo wake suwirikiza kawiri, umawirikiza kambirimbiri. Ndipo ukachotsanso ngalande yoyambira mng'alu, ndiye kaya. Ndinatula chigubu pansi n'kuwerengera pamchenga ndi kamtengo. Yankho linati handulo idzathyoka ine ndili ndi zidzukulu, mano atatha, ndikupitabe kumtsinje ndi ndodo. Tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanalephera sayansi ngati anzanga.

Ogasiti anatha. Tsiku la pa khoma lija amayi analifufuta okha.

Mu Seputembala kunabwera anyamata oumba njerwa, atatu, mikono ngati mitondo, kudzadzadza madilamu. Ankapopa ngati handuloyo inawatukwanira mayi, kuimenyetsa pansi ndi pamwamba mpaka mjigo wonse kunjenjemera. Ndinawakonda anyamata amenewo. Ndinkawapatsa moni kawiri pa tsiku. Ndinabwerezanso masamu, ndinadula zaka makumi awiri, ndinawapempherera kuti apeze maoda a njerwa za tchalitchi chachikulu. Atachoka ndinapita masana mjigo uli wokha, ndi kabotolo ka palafini ndi choko cha atate chopera. Ndinapaka, ndinapukuta, ndinawaza, ndinadikira. Choko chinangokhala mbee, kuyera ngati diresi la mkwatibwi. Olo kamzere. Ndinachita zimenezi sabata ndi sabata, mpaka mayi wina anandiona n'kukafalitsa kuti mwana wa aticha akuthira mankhwala pa mjigo. Anthu anayamba kutsuka handulo ndi sopo asanapope. Inayamba kuwala kuposa kale. Ndiye kuti ndinaiwonjezeranso moyo.

Okutobala wa m'chigwa muno si mwezi, ndi chilango cha Mulungu. Dzenje la kumtsinje linazama mpaka ndinkalowamo mutu osaoneka. Maulendo anga awiri sankakwanira, amayi anayamba kubwera ulendo wachitatu. Tsiku lina tikubwerera tinapeza njovu yaima pa njira, ikuthyola nthambi mosafulumira ngati ili pa tchuthi. Tinadikira padzuwa, kenako tinazungulira kutali kudzera m'minga. Titafika kunyumba amayi anatula chigubu, koma iwo sanawongoke. Anakhala chowerama chomwecho, dzanja pa msana, akupuma ndi pakamwa. Masiku awiri anagona pa mphasa, atate akuwasisita ndi mafuta.

Pamenepo masamu ndinawasiya. Ndinakonza mawu. Ndinawakonza usana wonse, okhala ndi poyambira, pakati ndi pothera, onena za dzimbiri, za chilungamo, za msana wa amayi, ndi za komiti imene mitu yake ingakwane m'chigubu chimodzi n'kutsalanso malo a madzi. Ndinali wokonzeka kumangidwa. Ndinauza atate kuti akamva phokoso asadabwe.

M'mawa ndinanyamula zigubu zinayi, ndinapita pa mjigo nthawi imene pamadzadza anthu, n'kuziika pa mzere mwaphokoso. Ndinaima manja m'chiuno kudikira nkhondo. Mayi wa kutsogolo kwanga anatembenuka, anandipatsa moni, n'kupitiriza nkhani yake ya mbuzi. Mzere unasuntha. Palibe anandiyang'ana kawiri. Ndinatsokomola. Palibe.

Nthawi yanga itakwana, amama acheya anatulukira ndi ndowa zawo. Ndinakoka mpweya, mawu oyamba ali kale pa lilime.

"Aa, mwana wa aticha! Wasowa. Amama ako ali bwanji? Ndamva msana."

"Ali gone. Chifukwa cha kumtsinje."

"Kumtsinje? Mukali kupita kumtsinje?"

"Si tili pa chilango?"

Anayang'ana kumwamba ngati akufufuza chinthu pa denga. Kenako anafunsa mayi wa mbuzi uja m'Chisenga, mayiyo anafunsa wina, winayo anakweza mapewa.

"Oo, za handulo zija? Koma nanunso! Ija ndi nkhani ya mwezi wozizira. Chilango chija ndi cha mwezi umodzi, kupitirira apo ndi nkhanza. Bwanji simunabwere kudzafunsa? Ife timati mwina anthu a ku tauni mumakonda madzi a mumchenga."

"Munakamba kuti mpaka idzathyokere wina!"

"Ee, si imathyoka pa mwezi? Ndi chimodzimodzi."

Mawu anga onse aja, poyambira, pakati ndi pothera, anangopita pachabe. Miyezi inayi. Minga, njovu, zikhadabo zanga zothera mumchenga. Ndinafuna kulira, ndinafuna kuluma munthu, koma mzere unali kudikira ndipo kunyumba kunalibe olo dontho.

"Ndiye lamulolo linatha?" ndinafunsa.

"Latha bwanji? Lilipo. Ikakuthyokera uona." Anakankhira ndowa zawo pansi pa mpopi, patsogolo pa zigubu zanga. "Poti wagwira kale, yamba ndi zangazi. Ndiwe mwana, sulema."

Ndinawapopera ndowa zitatu, kenako ziwiri za agogo ena amene anangozisunthira pomwepo osapempha, kenako zigubu zanga. Chigubu choyamba ndinathamanga nacho kunyumba madzi akadali ozizira. Amayi anadzuka pa chigongono, anamwa kapu yonse osapuma, anapempha ina, n'kuyang'ana m'kapumo.

"Awa ndi a pa mjigo. Yathyokera ndani?"

"Palibe, amayi. Ati tikanangofunsa."

Anandiyang'ana, anayang'ana atate amene anaima pakhomo ndi makope awo, n'kugonanso pang'onopang'ono, nkhope kukhoma.

"Katengeni zitatu zatsalazo," anatero. "Nonse awiri."